Bedi ndi mbale ya chakudya m'malo mwa malipiro: mmene ena amayendera maiko osalipira pogona

Aliyense amene anafikapo kumaloji a m'mbali mwa nyanja, kaya ku Cape Maclear kaya ku Nkhata Bay, anaonapo mzungu wachinyamata amene sali mlendo kwenikweni komanso sali wantchito. M'mawa ali pakauntala kulemba maina a ofika kumene, masana akupenta chikwangwani, madzulo ali m'madzi. Mwezi umatha, wina n'kuyamba, iye adakalipo. Mukamufunsa akuuzani kuti kwawo anachokako chaka chatha, wadutsa ku Kenya ndi ku Tanzania, ndipo akachoka pano alowera ku Zambia. Munthu umadzifunsa kuti kodi ana amenewa ndalama amazitenga kuti?

Ena kwawo n'kopata ndithu. Koma ena amangodziwa njira imene ife ambiri sitinaimvepo: amagwira ntchito maola angapo patsiku, mwini malo n'kuwapatsa pogona, nthawi zina ndi chakudya chomwe. Palibe ndalama yodutsa m'manja mwa wina aliyense. Poti paulendo wautali chimene chimadya ndalama kwambiri ndi pogona, munthu amene wachotsa mtolo umenewu akhoza kuyenda chaka ndi ndalama imene ikanatha m'miyezi itatu.

Zimenezi sizinayambe dzulo. Kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, achinyamata a ku Ulaya ankakhamukira ku Israel kukakhala m'midzi yaulimi yotchedwa kibbutz, kumene ankathyola malalanje ndi kutsuka mbale posinthana ndi pogona, chakudya ndi kandalama kogulira sopo. Koma gwero la zimene tikuziona lero ndi mayi wina wa ku London, Sue Coppard, amene ankagwira ntchito ya usekilitale. Mu 1971 moyo wa m'tauni unamukwana. Ankalakalaka kumapita kumidzi kumapeto kwa sabata koma analibe mbale wake wokhala ndi famu. Ndiye anaganiza zopempha alimi olima popanda feteleza ndi mankhwala a m'sitolo kuti azimulandira iye ndi anzake, iwo azithandiza kupalira. Ulendo woyamba unali wa ku famu ya Emerson College ku Sussex, ndipo apo ndi pamene panabadwira bungwe la WWOOF, limene lero lili m'maiko oposa 100.

Intaneti itafika, zinthu zinatuluka m'munda. HelpX inayamba mu 2001, Workaway mu 2002, Worldpackers ya ku Brazil mu 2014. Pamasamba amenewa mupezapo ofuna wothandiza pahositelo, woyang'anira ana, womanga khola, wophunzitsa Chingerezi, wojambula zithunzi za bizinesi, ngakhale wothandiza paboti. Palinso TrustedHousesitters, yoyambira ku Brighton mu 2010, imene imalumikiza eni nyumba opita kutchuthi ndi anthu oti atsale akusunga nyumba ndi kudyetsa agalu ndi amphaka.

Kachitidwe kake n'kofanana pafupifupi ponseponse. Mumalipira kaumembala ka pachaka, madola makumi angapo. Mumalemba za inu, zimene mumatha, zilankhulo zimene mumalankhula, n'kuikapo zithunzi. Kenako mumalembera eni malo amene akusangalatsani, ndipo ambiri sayankha. Woyankhayo mumagwirizana naye tsiku lofika ndi kutalika kwa nthawi. Muyezo umene ambiri amatchula ndi maola 5 patsiku, masiku 5 pasabata. Kumafamu a WWOOF amati maola 4 mpaka 6. Mukachoka, aliyense amalemba ndemanga yonena za mnzake, ndipo ndemangazi ndiye mbiri yanu yokutsegulirani khomo lotsatira. Chofunika kuchimvetsa pano n'chakuti tsambalo si bwana wanu. Silikupezerani viza, silikugulirani tikiti, ndipo zikavuta kumene mwapitako, chachikulu chimene lingachite ndi kuchotsa mwini maloyo pamndandanda.

Pazithunzi zonse zimaoneka zokoma. Tsiku lenileni la ntchito limakhala lina. Tengani nyengo yokolola maolivi ku Italy kapena ku Portugal, cha mu Novembala. Mumadzuka kukuzizira, n'kuyamba kuyala maukonde aakulu pansi pa mitengo, kusamala kuti pasatsale mpata poti zipatso zigubudukira m'udzu. Kenako mumapesa nthambi ndi kachipangizo konga chipeso, manja ali m'mwamba mpaka mapewa kuwawa. Mukatha mtengo umodzi mumasonkhanitsa ukonde, kuchotsa masamba ndi timitengo, kuthira m'makireti, kunyamula, kukokera ukonde pamtengo wina. Maola 5 aja amatha kukhala 8, chifukwa maolivi othyoledwa sayenera kugona masiku asanapite kokafinya mafuta, ndipo mvula ikamaoneka kuti ikubwera palibe amene amayang'ana wotchi. Masana mumadya pamodzi ndi banja lonse patebulo limodzi, ndipo amene anachitapo amati gawo limenelo ndi limene amalikumbukira.

Pahositelo ya mumzinda n'zosiyana. Alendo akatuluka cha m'ma 11 koloko mumavula mabedi, kutsuka zimbudzi, kuchotsa tsitsi lotsekera m'mabafa. Mwina mumapatsidwa shifiti ya usiku pakauntala, kutsegulira oledzera chitseko mpaka m'bandakucha. Pogona panu ndi bedi losanjikiza m'chipinda cha anthu 6 kapena 8, ndipo chakudya nthawi zambiri ndi cham'mawa chokha. Zotsalazo mumadzigulira pamitengo ya mumzinda umenewo.

Kodi wapindula ndani?

Masamu ake amaoneka bwino tikatenga dziko limene lamulo lake linaika mtengo pa bedi. Ku Britain, kuyambira mu Epulo 2025, malipiro otsikitsitsa a munthu wa zaka 21 kupita m'tsogolo anali mapaundi 12.21 pa ola. Maola 25 pasabata ndiye kuti mapaundi 305.25. Lamulo lomwelo limalola bwana wopereka pogona kudulako malipiro, koma linaika malire: chaka chimenecho anali mapaundi 10.66 patsiku, kutanthauza mapaundi 74.62 pasabata. Chakudya sichiwerengeredwa n'komwe ngati gawo la malipiro. Ndiye pamaso pa lamulo, munthu woyala mabedi maola 25 posinthana ndi pogona wasiya patebulo mapaundi oposa 230 sabata iliyonse.

Woyendayo sawerengera choncho. Iye amaona kuti bedi la pahositelo ku London kapena ku Edinburgh akanalipira ndalama yoposa 10.66 ija kutali, ndiponso kuti ntchito yolipidwa sangaipeze alibe chilolezo. Kwa iye wapulumutsa. Mwini hositelo nayenso akudziwa zimene wapulumutsa, ndipo zake n'zochuluka. Onse awiri akunena zoona, kungoti wina akuwerengera zimene sanawononge, wina zimene sanalipire.

Sikuti mwini malo aliyense ndi wodyera anzake masuku pamutu. Mlimi wamng'ono amene walandira mnyamata wa mumzinda wosadziwa kusiyanitsa mbande ndi udzu amayamba wataya sabata yonse akumuphunzitsa, akumudyetsa katatu patsiku, ndipo mnyamatayo akangoyamba kuzolowera, chikwama chili kumsana. Alimi otere ambiri amalandira alendo chifukwa chosungulumwa, kapena pofuna kuti ana awo amve zilankhulo zina. Kumeneko kusinthanako n'kwenikweni. Kumene ine ndimakayikira ndi pabizinesi yopanga phindu imene shifiti zake zonse zadzaza ndi "odzipereka". Ku New Zealand nkhani yotere inafika kubwalo loweruza milandu ya apantchito mu 2018: famu ina pafupi ndi Christchurch inapezeka ikugwiritsa alendo ntchito ya sabata yathunthu m'dzina lodzipereka, n'kumawadyetsa zakudya zotoledwa m'mabini a masitolo.

Palinso munthu wachitatu amene sapezeka pazokambirana, amene akanalembedwa ntchitoyo. Ku Ulaya ndi wophunzira amene akanayala mabedi aja kuti apeze ya lendi. Kwathu kuno nkhaniyi imaluma kwambiri. Mlendo akabwera kudzaphunzitsa luso limene pamudzipo palibe, palibe angadandaule. Koma kugulitsa mowa pabala kapena kulandira alendo pakauntala ndi ntchito imene mnyamata wa m'mudzi wa Chembe ku Cape Maclear, wa MSCE yake m'thumba, angaigwire n'kudyetsa banja. Boma la Australia limagwiritsa ntchito muyezo womwewu polola alendo kudzipereka: ntchitoyo isakhale imene munthu wokhala m'dzikomo akanaigwira molipidwa. Ndi funso labwino kulifunsa ponseponse, ngakhale kumene lamulo silikufunsa.

Pamene ambiri amagwera

Chimene chimapweteketsa anthu ndi kuganiza kuti popeza palibe ndalama, ndiye kuti si ntchito. A zolowa ndi kutuluka m'maiko ambiri saganiza choncho. Kwa iwo bedi ndi malipiro, mbale ya chakudya ndi malipiro.

New Zealand inalemba poyera: chilichonse chimene munthu achita kuti alandirepo kanthu, kuphatikizapo pogona ndi chakudya, ndi ntchito, ndipo chimafuna viza yololeza ntchito. Ku Britain, wolowa ndi viza ya mlendo amaloledwa kudzipereka masiku osapitirira 30, pabungwe lachifundo lolembetsedwa kuboma basi, ndipo kudziperekako kusakhale cholinga chachikulu cha ulendo. Famu ya munthu, hositelo kapena banja lofuna wolera ana sizilowa m'gulu limenelo. Ku America viza ya mlendo silola kugwira ntchito posinthana ndi pogona. M'maiko a Schengen, gulu la maiko ambiri a ku Ulaya ogwiritsa ntchito viza imodzi, mlendo amakhala masiku 90 pa masiku 180 aliwonse, ndipo masikuwo amawerengedwa pamodzi m'maiko onsewo, kotero kuchoka ku Spain kupita ku France sikuyambitsanso chiwerengero. Za ntchito, dziko lililonse m'menemo lili ndi malamulo akeake.

Kwa zaka zambiri anthu ankangodutsa, a pachipata osafunsa zambiri, mpaka ambiri anayamba kukhulupirira kuti n'zololedwa. Kumayambiriro kwa 2025 nkhani ya mtsikana wina wa ku Britain inawadzidzimutsa. Iye ankayenda mu America akugona m'makomo a anthu posinthana ndi ntchito zapakhomo. Atafika pamalire kuti alowe mu Canada n'kufotokoza mmene amayendera, a ku Canada anamubweza ponena kuti akufunika viza ya ntchito. Atabwerera mbali ya America, nawonso anati waphwanya malamulo a ulendo wake. Anamutsekera kumalo osungirako anthu olowa m'dziko mosatsata malamulo pafupifupi milungu itatu asanamukweze ndege ya kwawo. Uyutu anali ndi pasipoti ya Britain, makolo otha kulankhula ndi atolankhani, ndi phungu womuyankhulira. Osunga nyumba ndi ziweto nawonso ena abwezedwapo pamabwalo a ndege pa chifukwa chomwechi.

Ndiye mudzamva malangizo akuti, "Ukafika pachipata ungonena kuti ukukaona mnzako." Malangizo amenewa ndi oipa. Kugwira ntchito popanda chilolezo ndi mlandu umodzi, kunamiza ofesala ndi mlandu wina, ndipo wachiwiriwu ndi umene umakutsatirani. Ku Britain, wopezeka kuti ananama pofunsira viza akhoza kuletsedwa kulowa m'dzikomo zaka 10. Ofesala wokayikira amatha kufunsa adiresi ya kumene mukupita, kuimbira mwini nyumbayo, ngakhale kuona mauthenga a mufoni. Mwini nyumba wosadziwa kanthu amayankha mosangalala kuti, "Eya, akubwera kudzatithandiza kumunda." Nkhani yathera pomwepo. Ndipo mafomu ena a viza amene mudzalembe m'tsogolo adzakufunsani ngati munabwezedwapo padziko lina.

Si pasipoti iliyonse

Tsopano funso limene wowerenga wa ku Lilongwe, ku Chipata kapena ku Tete ali nalo: nanga ine ndingathe?

Achinyamata a maiko olemera ali ndi khomo lawo lapadera, viza ya tchuthi chogwirirako ntchito. Australia inayamba kuipereka mu 1975, ndipo New Zealand, Canada, Japan ndi Britain ali ndi zofanana nayo. Munthu wa zaka 18 mpaka 30, maiko ena mpaka 35, amaloledwa kukhala chaka kapena kuposerapo, akugwira ntchito iliyonse, yolipidwa kapena yosinthana ndi pogona. Ndi viza imeneyi zonse tafotokozazi zimakhala zovomerezeka. Koma imaperekedwa potsatira mapangano a pakati pa maboma, ndipo pamindandanda ya Australia, New Zealand ndi Britain, Malawi palibe, Zambia palibe, Mozambique ndi Zimbabwe palibenso.

Chotsala ndi viza ya mlendo, imene tanena kale kuti nthawi zambiri silola zimenezi. Kuipeza kwakenso ndi ntchito. Ya Schengen imalipiridwa mayuro 90 kuyambira mu Juni 2024, ndipo akakukanani ndalamayo sibwerera. Amafuna inshuwalansi yachipatala yofika mayuro 30,000, masitetimenti a kubanki, ndi umboni woti mudzabwerera kwanu: kalata ya kuntchito, bizinesi, banja. Taonani msampha wake. Munthu wofuna kuyenda chaka chathunthu ndi munthu amene wasiya ntchito, alibe tsiku lenileni lobwerera, ndipo ndalama zake n'zochepa, n'chifukwa chake akufuna pogona paulere. Mjeremani wotere amatchedwa woyenda. Mmalawi wotere, pawindo la ofesi ya kazembe, ndi chithunzithunzi cha munthu amene amamukana. Mu Ogasiti 2025 America inawonjezera china: Amalawi ndi anthu a ku Zambia anakhala oyamba kuuzidwa kuti azipereka chikole cha madola 5,000, 10,000 kapena 15,000 asanapatsidwe viza ya mlendo.

Onjezanipo nkhani ya ndalama zakunja. Tikiti ya ndege, inshuwalansi, viza, basi yochokera kubwalo la ndege kukafika kufamu, ngakhale kaumembala ka patsamba kaja, zonsezi n'za madola kapena mayuro. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndalama imene munthu anasunga zaka inafota usiku umodzi. Pogona paulere sipachotsa chilichonse mwa zimenezi.

Kugwira ntchito kuti upeze pokhala, ife tikukudziwa kuchokera kumbali ina. M'nthawi ya atsamunda, anthu okhala m'maesiteti a azungu kumapiri a Shire ankalipira lendi ya malo ndi thukuta lawo, dongosolo lija la thangata. Papepala kunalinso kusinthana: iwe ukhale pamalo anga, undigwirire ntchito mwezi kapena iwiri. Koma mwini esiteti ndi amene ankawerenga masiku, ndipo wothangatayo analibe kwina kopita. Nkhanza za ku Magomero, pa esiteti ya A. L. Bruce, zinali m'gulu la zimene zinautsa John Chilembwe mu Januwale 1915. Sindikunena kuti mtsikana wothyola maolivi ku Italy ali pa thangata. Iye ali ndi khadi la kubanki m'thumba, pasipoti yake ili m'chikwama chake, ndipo mwini famu akayamba mwano, mawa lake akwera basi. Kusiyana konse kwagona pamenepo. Mgwirizano wa ntchito posinthana ndi pogona umakhala wabwino malinga ngati wogwira ntchitoyo angathe kunyamuka tsiku lililonse. Mukachotsa ndalama yothawira, mukachotsa mapepala oyenera moti munthu akuopa kupita kupolisi, mgwirizano womwewo umasanduka chinthu china, ngakhale mawu ake asasinthe.

N'chifukwa chake uthenga wa pa WhatsApp kapena pa Facebook wolonjeza "ntchito kunja, pogona ndi chakudya zaulere, tikiti tikugulirani" suyenera kusokonezedwa ndi zimene tikukambazi. Mu 2024 BBC inaulutsa nkhani ya amayi a ku Malawi oposa 50 amene anakodwa ku Oman. Anawalonjeza ntchito zabwino, koma atafika anawalanda mapasipoti n'kuwaika m'nyumba za anthu, ndipo malamulo a kumeneko amamangirira wantchito kwa bwana wake moti sangachoke popanda chilolezo chake. Zizindikiro zake n'zodziwika: pali ejenti pakati, tikiti ndi ngongole yodzabweza ndi ntchito, ndipo pasipoti akuti akusungirani. Pakusinthana kwenikweni palibe ejenti, tikiti mumagula nokha, ndipo pasipoti siichoka m'manja mwanu.

Makomo amene alipodi

Alipo, kungoti ndi ochepa ndipo safanana ndi moyo wongoyendayenda uja. Ambiri amafuna kuti mukhale malo amodzi chaka chathunthu, pansi pa bungwe kapena banja limene boma likulidziwa.

Germany ndi imene ili ndi makomo oonekera. Viza ya au pair, yokhala m'banja n'kumathandiza kulera ana, imaperekedwa kwa anthu a zaka 18 mpaka 26 ochokera dziko lililonse, bola akhale ndi chiyambi cha Chijeremani. Malamulo ake ndi olembedwa: maola osapitirira 30 pasabata, chipinda chakechake, chakudya, mayuro 280 a m'thumba pamwezi, inshuwalansi yolipiridwa ndi banjalo, ndipo nthawi yake sipitirira chaka. Ngakhale pamenepa pamafunika maso, chifukwa munthu wokhala m'nyumba ya bwana wake saweruka kwenikweni. Mwana akalira usiku, chitseko chimene chimagogodedwa ndi chake. Norway inatseka dongosolo lake la au pair mu 2024 itaona kuti lasanduka njira yopezera antchito apakhomo otchipa. Boma la Germany lilinso ndi pulogalamu ya weltwärts, imene inayamba mu 2008 potumiza achinyamata a kumeneko kumaiko ngati athu, ndipo kuyambira mu 2013 inayamba kulandiranso achinyamata ochokera ku Africa, Asia ndi Latin America kukadzipereka ku Germany. Wosankhidwa amapatsidwa pogona, chakudya, inshuwalansi ndi kandalama ka m'thumba, ndipo amadzera kubungwe la kwawo logwirizana ndi la kumeneko.

Midzi ya Camphill, imene Karl König ndi anzake anayambitsa pafupi ndi Aberdeen ku Scotland kumayambiriro kwa nkhondo yachiwiri yapadziko lonse, imalandira odzipereka okhala limodzi ndi anthu olumala, kuphika nawo, kulima nawo, kudya nawo. Ku Britain njira yovomerezeka yolowera kumalo otere ndi viza ya Charity Worker, ya miyezi 12, imene imafuna kuti bungwe lololedwa ndi boma likuitaneni. Camphill iliponso pafupi, ku Hermanus ku South Africa ndi ku Otse ku Botswana.

Ndipo pafupipa ndi pamene munthu wa kwathu angayambire mosavuta. Pasipoti ya Malawi imalowa popanda viza m'maiko ambiri a SADC, ndipo ulendo wake ndi wa basi. Kumafamu, kumahositelo ndi kumasukulu a ku Zambia, Tanzania, Namibia ndi South Africa kuli eni malo olembetsa pamasamba aja. Ubwino wina ndi wakuti ndemanga ziwiri zitatu zabwino zochokera kumeneko zimapangitsa eni malo akutali kuyamba kukuyankhani. Koma lamulo lija silisintha chifukwa choti muli pakati pa anansi. Chidindo cha pa Beitbridge ndi cha masiku 30 ochezera, si cha ntchito. South Africa ili ndi viza yapadera ya odzipereka pansi pa lamulo lake la 2002, yofunsiridwa musananyamuke, ndi kalata ya bungwe limene likukulandirani. Wopitirira masiku ake kumeneko amaletsedwa kulowanso chaka chimodzi, ndipo akapitirira ndi masiku oposa 30, zaka 5.

Pali zinanso zimene zithunzi sizionetsa. Wodzipereka si wantchito, choncho akagwa pamakwerero kapena kudzitema ndi chikwanje, chipukuta misozi cha apantchito nthawi zambiri sichimukhudza. Inshuwalansi zambiri za apaulendo sizilipira ngozi yochitika pogwira ntchito yamanja, pokhapokha mutalipirira zimenezo padera, ndipo zikadziwika kuti munkagwira ntchito popanda chilolezo akhoza kukana kulipira. Miyezi imeneyi simusunga kalikonse, ndipo kwa ife amene kumudzi amayembekezera kuti wopita kunja atumiza kangachepe, kufotokozera amayi kuti muli ku Ulaya koma simulandira malipiro si nkhani yapafupi. Kutopa nakonso kulipo: bedi latsopano milungu itatu iliyonse, malamulo atsopano a m'khitchini ya eni ake, kumwetulira patebulo ngakhale tsiku limene simukufuna kulankhula ndi munthu.

Amene azolowera moyo umenewu amachita zinthu zingapo asananyamuke. Amalankhulana ndi mwini malo pavidiyo n'kupempha kuti awaonetse chipinda chogona, ngati chili ndi chitseko chokhoma, ndiponso kuti mugona anthu angati. Amafunsa maola ndi masiku opuma, n'kusunga yankho lake lolembedwa. Amafunsa ngati chakudya ndi katatu patsiku kapena ndi "zimene mupeze mufiriji". Amafunsa mtunda wokafika pamsewu wa basi ndi kuti basiyo imadutsa kangati, chifukwa famu yokongola imene ili makilomita 20 kuchokera pamsewu, galimoto n'kukhala ya mwini famu yekha, ndi malo ovuta kuchokapo, makamaka kwa mtsikana amene ali yekha. Poyamba amalonjeza milungu iwiri yokha, kuti akaonjezere zikakoma. Ndipo amasunga padera ndalama yokwanira kugona masiku angapo pamalo olipira ndi tikiti yobwerera, imene saikhudza ngakhale zitavuta bwanji.

Ndemanga za patsamba zimafuna kuziwerenga mochenjera. Poti mwini malo nayenso amalemba za mlendo, ambiri amaopa kunena zoipa kuti angabwezeredwe, ndiye amangoyamikira zimene zinali zabwino n'kusiya zinazo. Mukapeza malo amene ndemanga zake zonse zikutama galu wa pakhomopo ndi kukongola kwa mapiri, koma palibe yotchula chakudya, maola kapena khalidwe la mwini wake, lemberani mmodzi mwa amene anakhalako mumufunse mwamseri. Masamba ena amalola zimenezi, ndipo kumbali anthu amamasuka.